Umboni wa Limbani sunali wa kukhoti

Ndinadzidzimuka tambala asanalire. Tulo tinandiba nditatsamira khoma, pafupi ndi bokosi la mwana wanga Limbani, ndipo wina anali atandifunditsa chitenje. Amayi a Mvano anali akuimbabe, mawu atasasa. Inali nyengo ya manachesi, ndipo chisanu cha kuno ku Thambani chinkalowera pansi pa chitseko. Panja azibambo anali atazungulira chitsa chamoto, akulankhula motsitsa mawu.

Kutayera, adzukulu ananyamula makasu kupita kumanda. Kuseri kwa nyumba amayi anasonkha moto, atsikana akupita ndi kubwera kumjigo. Anthu anayamba kufika, ena pa kabaza, ena wapansi. Abale a malemu amuna anga anachokera tsidya la Mozambique, mapazi ali mbuu.

Ndili m'nyumba ya siwamo, ndinamva achimwene anga, malume ake a Limbani, akuwerengera mkulu wa mpingo mbiri ya mwana wangayo pansi pa windo. Anati malemu ankagwira ntchito ya umboni kukhoti lalikulu ku Blantyre.

Sindinadabwe. Limbani akafunsidwa za ntchito yake ankangoti amalemba umboni, anthu n'kumalizitsa okha. Ena ankafika pomubweretsera milandu ya minda, iye n'kumangoseka. Koma ine ndinkadziwa, ngakhale sukulu ndinalekezera panjira. Anandifotokozera tsiku lina tikutonola chimanga pakhonde. Anati kompyuta imayendera malangizo olembedwa ndi anthu, ndipo anthu amalakwitsa. Ambiri amayesa malangizowo kangapo, akaona kuti zayenda n'kunena kuti basi. Iye ankamanga malamulo otsimikizira kuti malangizowo sangaphonye ngakhale kamodzi. Umboni wake ankaupereka kwa makina ena, amene amaunika mzere ndi mzere. Ukadumpha penapake, amakana.

Kuyambira pamenepo, akaimba foni ndinkamufunsa ngati makina avomera. Nthawi zambiri ankati akana. Miyezi inkatha akukana chinthu chimodzi chomwecho. Tsiku limene anavomera, anandiimbira ndili kudimba, akuseka ngati kamwana.

Ndinatuma mayi wina kuti akaitane achimwene. Analowa n'kunjuta pakhomo.

"Achimwene, mwana wanga sanapondeko kukhoti."

"Alongo, khoti aliyense amalidziwa, ndi ulemu umenewo. Zamakinazo amve ndani? Anthu aziti ankangosewera pa kompyuta."

"Anene zimenezo. Koma tisamuike ndi bodza."

Anati iwo sangaimirire pagulu kunena zimene sakuzidziwa, ndipo anatuluka.

Dzuwa litakwera, kunja kunachita mitambo. Minibasi ya ku Blantyre inaima pansi pa mtengo wa mango, ndipo munatsika anzake a Limbani a kuntchito. Mmodzi, mayi wamng'ono thupi wovala magalasi, analowa n'kugwada pafupi nane. Chitenje anamanga mopotoka. Anati ankagwira ntchito ndi Limbani tebulo limodzi. Ndinamugwira dzanja n'kumupempha kuti akauze anthu ntchito ya mwana wanga. Anachita mantha. Anati zinthu zimenezi amazilankhula m'Chingerezi chokha, mawu a Chichewa alibe. Ndinamuuza kuti Limbani anawapeza pondifotokozera ine, nayenso awapeza.

Bokosi litatulutsidwa pabwalo, anthu anali atadzaza mpaka m'munda. Achimwene anaimirira ndi pepala lawo. Ananena za kubadwa kwake, za sukulu, za matenda amene anamutenga msanga. Ndiye anafika pa ntchito. Ine ndinaweramitsa mutu. Kenako ndinamva akuti pali mlendo amene akudziwa bwino mbali imeneyi, abwere.

Mayi uja anayamba akusakaniza ndi Chingerezi, koma mawu anamubwerera. Anati makina a m'chipatala ndi mafoni amene tanyamulawa amayendera malangizo, ndipo cholakwika chimodzi chobisika chingathe kupweteka munthu. Anati lamulo lililonse limene Limbani anamanga, ankayamba walitsimikizira pamaso pa makina amene samva chisoni, sadziwa kuti munthu watopa. Ananenanso chimene ine sindinkachidziwa. Pali njira yowauza makinawo kuti apa ingondikhulupirirani, ndidzabwererapo. Ambiri amatero akapanikizika. Iye ndi anzake atatsegula ntchito ya Limbani, sanapezemo malo otero ngakhale amodzi. Anati panopa anzawo a m'maiko ena akumanga ntchito zawo pamwamba pa malamulo akewo, mopanda mantha.

Bambo wina wachikulire kumbuyo anafunsa mokweza, "Ndiye sanali wa kukhoti?" Anthu anaseka pang'ono, pamaliro pomwepo, ndipo ine sindinakhumudwe. Ndinadzutsa mutu. Ndinaona mphunzitsi amene anaphunzitsa Limbani masamu ali mwana akupukuta m'maso ndi chipewa.

Tinanyamuka kamvula kowaza katayamba. Anyamata ankalandirana bokosi m'njira yodutsa m'minda ya manachesi, amayi a Mvano ali patsogolo ndi nyimbo. Anzake a ku Blantyre nawonso ananyamulako, nsapato zawo zikuterera m'matope. Kumanda sindinaone zambiri. Ndinamva dothi likugwa. Pondiimiritsa kuti ndikaike nkhata, miyendo inandinyamula bwinobwino. Sindinagwe monga ndinkaopera.

Madzulo anthu anabalalika. Minibasi inapita, miphika yobwereka inabwerera kwa eni ake. M'nyumba munatsala mphasa zopinda ndi fungo la utsi. Amayi ochepa ogona nane anali kukhitchini. Ndinakhala pakhonde ndekha, manja ali pamiyendo.

Achimwene anabwera n'kukhala pampando umene unali pambali panga. Kenako anatsokomola.

"Alongo, ndiye makinawo akamukana, iye ankatani?"

"Ankayambiranso."

Anagwedeza mutu. Anafunsanso funso lina, ndipo ndinawafotokozera za mwana wanga mpaka mdima unagwa.