Tsiku Limene a Lifali Anayang'ana Kumwamba

A Lifali anasiya kuyimbira mpira mawondo atayamba kuwakana, koma dzina la ntchitoyo linawakanirira. Masiku ano amakhala pakhonde la sitolo ya zitsulo, kumasoka mipira yong'ambika ndi nsapato zoyasama kutsogolo. Wezulo akadali m'khosi, wabisala m'kati mwa malaya. Munthu akawoloka msewu pamalo olakwika, dzanja lawo limapita lokha pachifuwa, kenako amakumbukira n'kubwerera ku singano.

Onse amene anasewerapo mpira iwo akuyimbira amawakumbukira ndi ulemu wosakanikirana ndi kachidani pang'ono. Munthuyu sankadziwa nkhope, ankadziwa lamulo basi. Umboni wake unali m'nyumba mwawo momwe. Mwana wawo wamkazi, yekhayo amene anali naye, ali mtsikana ankathamanga kumbali kwa bwalo moti anzake ankangomuona msana. Tsiku lina, pa mpira womaliza wa masukulu, anatchera mnzake mwendo chakumbuyo. Woyimbira anali bambo ake. Anatulutsa kadi yofiira osaphethira n'komwe. Mtsikanayo anatuluka osalira, atafika kunyumba anakankhira nsapato zake pansi pa bedi, ndipo sanazivalenso.

A Lifali ankaganiza kuti akakula adzamvetsa. Anakuladi, anakhala namwino wa ku wodi ya ana, koma nkhani ija sanaitchulepo. Malo a mpira mu mtima mwake anatengedwa ndi mabuku ena ake, onena za mzinda wa anthu amatsenga amene amauluka atagwira maambulera n'kumasewera mpira m'mitambo. Mayi ake atamwalira, awiriwa anatsala okha m'nyumba. Ankapatsana moni, ankadyera pamodzi, ankakambirana za magetsi ndi za mankhwala a kuthamanga kwa magazi, n'kuthera pomwepo. Izi zinkawapweteka a Lifali, koma sankadziwa polowera.

Ndiye kunatuluka kabuku. Wolemba mabuku aja anatulutsa kabuku kapadera kofotokoza za mpira wa maambulera, ndipo zonse zopezeka pokagulitsa zinkapita kukathandiza ana odwala. Loweruka masana anzake a namwino uja anadzaza pabalaza pawo, aliyense ndi kake m'manja, akuluakulu ndithu, ena a ndevu zawo.

"Kameneka n'kabuku kapena n'kapepala ka mankhwala?" anadandaula wina, mnyamata wamtali amene anzake ankangomuti Wamagalasi. "Ine ndimayembekezera nkhani. Muli malamulo okhaokha!"

"Iwe sunawerenge bwino," anayankha mayi wina wogulitsa mafoni. "Ndakhala zaka ndikudzifunsa chifukwa chake zogwirira za maambulera awo n'zopindika. Lero ndagona ndikudziwa."

Wina anali atakwiya zenizeni chifukwa timu imene amaikonda, timu yosakhalako n'komwe, inalembedwa kuti imabera. Wina anati wagula timabuku tingapo chifukwa cha ana, koma kuwerenga ayi, aziwerenga ndi ena. Phokoso linali ngati la pabwalo chigoli chikakanidwa.

A Lifali anali kuchipinda akupaka mawondo mankhwala. Zamatsengazo zinkangowadutsa, koma mawu akuti "malamulo" atamveka kachitatu, makutu anaima. Lolemba kabuku ka mwana wawo kanapita nawo kukhonde kuja. Tsiku limenelo nsapato za anthu zinadikira. Anavala magalasi, anasongola pensulo, n'kukawerenga monga ankawerengera malamulo a mpira weniweni chaka chikamayamba.

"Mwanawe," anatero madzulo, namwino akuvula nsapato za kuntchito, "buku ili silikunena kuti wina akavulala mpira umaimitsidwa bwanji."

"Bambo, n'zongopeka zimenezo."

"Zopeka kapena zosapeka, munthu akalemba lamulo alimalize."

Namwino anaona timizere ta pensulo m'mbali mwa masamba, anapukusa mutu, koma kabukuko sanawalande.

Mkangano wa anzake aja unabala china. Anagwirizana zoti, m'malo molongolola, akasewere mpirawo pabwalo la kuseri kwa chipatala, ana aonere ali pakhonde la wodi. Popeza palibe amene amauluka, anapangana kuti mapazi asawerengedwe, koma bondo kapena dzanja likakhudza pansi, ndiye kuti munthu wagwa kuchokera kumwamba, ndipo kabuku kamanena poyera kuti wakugwa amatuluka. Chinatsala n'kupeza woyimbira.

"Tikuvutikiranji? Lifali ali m'nyumba mwanu muno," anatero Wamagalasi.

Onse anawomba m'manja kupatula namwino. Alendo atapita, anaima pakhomo la khitchini, chinsalu chopukutira mbale chili m'manja.

"Bambo, inenso ndikasewera. Ndi masewera osangalatsa ana odwala. Chonde, musakawononge."

Mawuwo anawalasa. Anafuna kuyankha kuti iwo sanawonongepo mpira chibadwire, koma anaona kumene kuyankhako kukathere, ndipo anangogwedeza mutu. Anazindikira kuti mwana wawo akubwerera pabwalo koyamba chichokere tsiku lija, ndipo akuwaopa.

Sabata yonse anaigwirira ntchito. Anaitanitsa maambulera onse, anadula zikopa za mipira yakutha, n'kusokera tizipewa pansonga iliyonse, poti sankafuna diso la munthu pa mlandu wawo. Tsikulo litafika analawirira, anayenda bwalo lonse motsimphina akutola miyala, monga ankachitira kale. Anavala malaya awo akuda oyimbira mpira, amene tsopano ankawathina pamimba. Makadi anali m'thumba la pachifuwa.

Ana anatulutsidwa pakhonde, ena pa njinga za odwala, ena atafunda mabulangete, wina ndi botolo la diripi lili pambali. Wezulo analira, mawu ake osasintha ngakhale pang'ono, ndipo anthu akuluakulu anayamba kuthamanga ndi maambulera otambasula dzuwa likuswa mtengo. Mphepo inkawakokera kumbuyo, maambulera ankakolana, wogulitsa mafoni ankakuwa kuti akuuluka zenizeni. Ana ankaseka mpaka anamwino ena kumawagwira kuti asagwe.

A Lifali maso awo ankangobwerera kwa mwana wawo. Liwiro lija linali lisanathe. Analandira mpira kumbali, anadutsa mmodzi, anadutsa wachiwiri, ambulera yake yachikasu ikugwedezeka pamwamba, ana a ku wodi yake akuimba dzina lake. Mtima wa bambo unadzaza. Kenako phazi linakodwa mu udzu, ndipo anagwa chafufumimba, mawondo ndi manja zonse pansi, pamaso pawo penipeni.

"Wagwa! Atuluke!" anakuwa Wamagalasi, amene ankatsogolera timu inayo. "A Lifali, lamulo!"

Namwino sanadzuke. Anangotukula mutu n'kuyang'ana thumba la pachifuwa pa bambo ake, nkhope yake ili ngati ya mtsikana uja, yokonzeka kutuluka osalira. Wezulo anali kale pakamwa. Dzanja linali litanyamuka lokha, monga limachitira pakhonde paja.

A Lifali analitsitsa dzanjalo pang'onopang'ono. Anakweza chibwano, anaphimba maso ku dzuwa, n'kuyamba kuyang'anitsitsa kumwamba, uku ndi uku, ngati munthu wotsatira mbalame.

"Mukuona chiyani kumeneko?" anafunsa Wamagalasi. "Wagwa apa!"

A Lifali analavula wezulo, amene anagwera pachifuwa.

"Achimwene, mpira uwu umaseweredwa kuti?"

"M'mitambo, koma..."

"Ndiye ine ndikuyang'ana kumene kuli osewera. Zapansi sindinazione. Pitirizani!"

Ana ndiwo anayamba kukuwa, kenako bwalo lonse linaphulika ndi chiseko. Wamagalasi anaponya ambulera pansi, anaitolanso, akuseka nawo. Namwino anakhalabe chogwada kanthawi, mapewa akugwedezeka, ndipo panalibe akanadziwa ngati akuseka kapena akulira. Atadzuka anasasa udzu m'mawondo, anatola ambulera yake, ndipo podutsa pafupi ndi bambo ake anayankhula motsitsa.

"Munandiona, Bambo."

Iwo anali akuyang'anabe kumwamba, maso atanyowa, mwina chifukwa cha dzuwa.

"Ndinakuona kalekale, mwana wanga," anatero. "Thamanga, mpira ukupita."