Voti ya Amayi ku Makhanga

Chaka chimene achimwene anga anaima pa ukhansala, chipani chawo chinali chaching'ono moti ngakhale nsalu chinalibe. Zipani zikuluzikulu zinkafika ku Makhanga pa boti la injini, zitasenza nsalu, malaya ndi zimkuzamawu. Ife tinkayenda pa bwato lobwereka ndi njinga yopanda mabuleki.

Anthu sankawada achimwene. Madzi atasefukira, ndi iwo amene anapalasa bwato masiku atatu kutsitsa anthu m'mitengo. Koma paliponse yankho linali limodzi: "Munthu ndinu wabwino, koma chipani chanucho chingatipatse chiyani?" Mawu amenewo ankandiwiritsa magazi.

Amayi athu anali ndi ng'ala m'maso, ndiye tsiku lovota anasankha ine kuti ndikawachongere. Ndinanyada. Ndinati voti imodzi yokha yosakayikitsa ndi imeneyi. Titalowa m'kachipinda kovotera, ndinawawerengera mayina onse, la mwana wawo lili kumunsi kwenikweni.

"Chonga wa chipani cholamulayo," ananong'ona.

"Amayi, mwana wanu ali pompano!"

"Nkhabe, ayi ndithu, mwananga. Madzi akabweranso, chimanga kumsasa chidzabwera ndi mchimwene wakoyo? Iye ndi wanga kale. Chonga."

Ndinaima ngati chitsa. Panja anthu pamzere anayamba kung'ung'udza ndi dzuwa. Ndinayang'ana nkhope ya achimwene papepalapo, chithunzi chojambulidwa atavala jekete lobwereka kwa aphunzitsi, ndipo ndinachonga pomwepo. Ndinapinda pepala n'kuliika m'manja mwa amayi, iwo n'kuliponya m'bokosi mtima uli m'malo.

Achimwene anagwa, kugwa kwake koti ngakhale otiseka anachita manyazi. Patapita masiku awiri amayi anawaitana pakhonde. Anaulula kuti sanawavotere, misozi ikutsika m'maso osaona aja. Achimwene anaseka, nati palibe kanthu, koma nsima anaisiya.

Ine ndinali pomwepo ndikutongola chimanga. Ndinadziwa kuti ndikatsegula pakamwa, amayi sadzandipatsanso dzanja lawo kuti ndiwatsogolere. Ndinatsegulabe.

"Munawavotera, amayi. Ndinachonga ndine."

Sanandilankhule mwezi wathunthu, ndipo kutchalitchi ankatsogoleredwa ndi apongozi awo, akazi a achimwene. Zinandipweteka kwambiri. Ndikudziwa kuti ndinaba voti ya mayi anga, koma amene anawaphunzitsa kuopa njala mpaka kukana mwana wobala okha ndiye ayambe kupepesa. Ine sindinapepese mpaka lero.