Dzina la kamtsinje ka ku Katowo

Atanditumiza kukaphunzitsa ku Katowo kuchokera kwathu ku Dedza, ndinagula kope loti ndizilembamo mayina a mapiri ndi mitsinje, pamodzi ndi matanthauzo ake. Ndinkadziona ngati katswiri. Tsiku lina ndinapeza amayi ena akuchapa pakamtsinje, ndipo ndinawafunsa dzina lake.

"Manyi," anayankha amayiwo osadzutsa n'komwe mutu.

Ndinalemba msangamsanga, n'kusiyiratu kutunga madzi pamenepo. M'kalasi ndinatamanda makolo akale chifukwa chotichenjeza za madzi oipa kudzera m'dzina. Ana anaseka mpaka misozi. Mphunzitsi mnzanga ndiye anandiuza kuti m'Chitumbuka "manyi" n'chimodzimodzi kunena kuti "kaya". Apo n'kuti m'kope muja muli kale mapiri awiri a dzina lomwelo, lililonse nditalipezera tanthauzo lakelake.