Makro yathu ija, Yusufu

Lero ndadzichititsa manyazi chifukwa cha iwe, Yusufu. Kunabwera bambo wina wa hadiweya ku Chirimba ndi laputopu, akuti pulogalamu yawo yowerengera katundu yasokonekera ndipo amene anailemba anamwalira chaka chatha. Nditatsegula khodi ya pulogalamuyo ndinaseka. "Bwana, analemba izi ndani? Ngakhale simenti walemba kuti smenti!" Kenako ndinaona dzina la makro: BEREKA. Inali pulogalamu yako ija. Smenti ameneyo ndinalemba ndine.

Ukukumbukira masana aja kwanu ku Zingwangwa, magetsi atathima, batire ikutha? Unatopa kulemba mavariyebulo ofanana osungira chiwerengero cha katundu, wa misomali, wa malata, wa penti, aliyense mzere wake. Ndinakuonetsa kuti makro imodzi ikhoza kuwabereka onse, iwe n'kumangoipatsa mayina. Unavina, n'kunena kuti pamwamba tilembepo mayina athu awiri, tidzagulitse limodzi. Lero pamwambapo pali lako lokha. Nthawi yofufuta dzina langa unaipeza, aise, koma cholakwa changa unachisiya. Ndipo ine ndinanyamula nawo jeneza lako pamaliro, ndikulira ngati mwana.

Bambowo sankafuna kunyamuka. Kapu yachiwiri ya tiyi akukutamandabe. "Mnyamata uja anali ndi mutu. Zonsezi yekha!" Ukanakhala moyo ndikanakutukwana mpaka ku Bangwe amve. Koma ndinangoti, "Eya, yekha."

Pulogalamu ndawakonzera. Atafika pageti anatembenuka. "Nanga smenti uja mwakonza?"

"Ameneyo musiyeni, bwana. Mwini wake akumudziwa."

Anagwedeza mutu, n'kumapita.