Mtondo wa Anganga Pansi pa Galimoto

Ndikakumbukira anganga, mayi wa mayi anga, ndimamva fungo la girisi wosakanikirana ndi gaga, chifukwa mtondo wawo unkagwira ntchito ziwiri.

Pabwalo pathu ku Phalula panali galimoto yachikalekale yokhala ndi bedi, kabati ndi kasinki m'kati mwake. Agogo aamuna, Che Twaibu, anapatsidwa ndi azungu ena omwe ankawayendetsa kale. Ndi imene ankakatengera nsomba zouma ku Chiuta, ndiye msewu umenewo unkadya matayala akutsogolo koopsa. Mvula ikamayandikira, ankawasinthanitsa, akutsogolo kupita kumbuyo, akumbuyo kubwera kutsogolo, kuti azitha mofanana. Ankayamba atchinga matayala ndi miyala, n'kumasula manati pang'ono galimoto idakali pansi, kenako jeke n'kumukhazika pathabwa. Ntchito ankaidziwa agogo aja, ndisaname. Vuto lawo linali limodzi: jekeyo ankamukhulupirira kuposa akazi awo.

Anganga akangomva kulira kwa sipanala, ankakhuthulira mphale m'lichero n'kuyamba kugubuduza mtondo kulowera kugalimoto.

"Che Twaibu, sendezani miyendo, mtondo udutse."

"Iyayi, amayi inu! Jeke uyu ndi wa ku Joni. Mukufuna anthu apamsewu azinena kuti galimoto yanga yayamba kusinja?"

"Azinena. Ikakuphwanyani, iwowo adzangobwera kudzadya mpunga wa sadaka."

Ankaugoneka pansi pa chitsulo cholumikiza matayala, n'kuutchinga ndi miyala uku ndi uku kuti usagubuduke.

Chaka china mvula inafulumira, koma dzuwa linawalanso, dothi n'kuoneka louma pamwamba. Agogo anadikira kuti anganga apite kumjigo, ndipo anandipsinyira diso uku akupopa jeke mwakachetechete ngati mwana woba shuga. Pamene anganga ankabwera ndi ndowa pamutu, tayala lakumbuyo linali litachoka kale, agogo ali chagada kunsi, akuyang'ana paipi ya mabuleki. Anganga anatula ndowa mpaka madzi kukhavukira, nakatenga mtondo, n'kuukankha okha mpaka pamalo pake. Agogo anadandaula kuti awatchingira kuwala.

Ine ndi anganga tinabwerera kukhonde kukapeta. Posakhalitsa tinamva thabwa likulira, kenako jeke anapendekeka m'dothi lofewa lija, galimoto yonse n'kutsika, phi! Makapu a m'kabati anagwa n'kusweka. Kenako zii. Ndinkangoona mapazi a agogo atatulukira kunja, osagwedezeka, ndipo mpaka lero sindinachitepo mantha ngati amenewo.

Chala chachikulu chinagwedera. Agogo anatuluka chokwawa, nkhope ili mbuu, akungobwereza kuti Alhamdulillah. Chitsulo chija chinali chitakhala pamtondo, n'kuung'amba kuyambira kukamwa mpaka pakati, koma mtondowo unagwira.

Ine ndinkati anganga awakumbatira. Aaa, anganga ake ati! Anasuzumira kunsi, nagwira m'chiuno.

"Mwandiswera mtondo. Mawa ndisinjira pamutu panupo?"

Analalata mpaka anthu apamsewu anaima. Kenako anapita kuseri kwa bafa, ati kukakonza chitenje. Nditawatsatira ndinawapeza atakhala pansi, misozi ili chuchuchu. Anandiuza kuti ndikangoulula andikhaulitsa.

Agogo anagula mtondo watsopano, koma wong'ambikawo anganga anakana kuti tiuwaze nkhuni. Anaumanga ndi waya n'kuuika pakhonde. Kuyambira pamenepo, agogo asanagwire jeke ankaima pakhomo n'kutsokomola.

"Amayi, tibwerekeni uja."

Agogo anadzamwalira atakalamba kwambiri, ali pamphasa pawo. Anthu atanyamula maliro pajeneza, anganga anakhala pakhonde, dzanja lili pamtondo uja, ndipo anandiuza motsitsa mawu kuti, "Apita ndi miyendo yawo yonse iwiri."

Lero m'buti ya kagalimoto kanga mumakhala chipika cha mtengo. Amuna anga amati chikungotha malo. Ine ndimangowauza kuti asendeze miyendo.