Halimatu Wosambitsa Maliro

Fuluwenza itafika ku Limbe mu 1918, Halimatu anali ndi zaka khumi ndi zinayi. Iye ndi mnzake Amida ankawerenga miyezi kuti chilimwe chifike, akalowe kunsondo, chinamwali cha atsikana achiyao. Mikanda anali atatunga kale.

Bambo ake a Halimatu, a Mikaili, ankasenza mabelo a fodya kusiteshoni ya sitima. Fuluwenza itawagwira, anagona masiku anayi, nadzuka. Amayi ake anagona atatu, osadzukanso.

Mtembo wa mkazi amausambitsa ndi akazi. Halimatu anayenda khomo ndi khomo dzuwa likuswa mtengo. M'nyumba zambiri munkangomveka chifuwa. Kwa abiti Mohamedi, amene ankalangiza atsikana kunsondo, chitseko sichinatseguke.

"Amayi atisiya," anatero Halimatu. "Tabwerani mudzawasambitse."

"Mwana iwe, ukufuna undiphere ana?" anayankhira m'kati. "Yambira kumanja, katatu. Madzi akhale ofunda. Pita!"

Anapita, natereka madzi. Amayi ake anali olemera kuposa mmene ankaganizira, ndipo powatembenuza anachita kuwakankha ndi bondo. Zimenezi sanauzepo munthu.

Mbiri inamveka kuti pali mtsikana wosaopa. Mwezi umenewo anamuitana m'nyumba zisanu ndi ziwiri. Ina inali ya abiti Mohamedi omwewo, mwana wawo wamkazi atamwalira. Tsiku limenelo chitseko chinatseguka msanga.

Mliri unatha. Halimatu ankasamba m'manja ndi phulusa mpaka khungu kung'ambika, komabe anzake anasiya kudya naye mbale imodzi. Amida ankamupatsa moni ali kutsidya la msewu.

Chilimwe chitafika, ng'oma zinalira. Halimatu anavala mikanda yake nakaima pamzere, kumbuyo kwa Amida.

"Iwe ukupita kuti?" anafunsa abiti Mohamedi. "Unaona kale zimene akulu timabisa. Ungakaopseze anzako. Bwerera."

"Munandiphunzitsa ndinu, amayi."

"Ndinakuphunzitsa za akufa. Khala nazo."

Amida sanacheuke.

Halimatu anakhala nazodi. Ankati sanavinidwe, choncho panalibe anadzamufunsira. Kuukwati sankamuitana, koma kukagwa maliro a mkazi, kuyambira ku Limbe mpaka ku Naperi, ankamuthamangira.

Patapita zaka khumi ndi ziwiri, abiti Mohamedi anamwalira. Halimatu anabwera, nauza onse atuluke. Anayambira kumanja, katatu, osaphonya kanthu. Madzi okha sanatereke.