Mabokosi Awiri a Ba Neba

Mikanda ya m'chiuno ndinkatunga ine kalekale mayi uja asanabwere n'komwe ku Chelstone. Anali wamasiye wochokera ku Luapula, ndipo analowa nyumba yoyandikana ndi yathu, choncho ndinkangomuitana kuti ba neba. Mwamuna wake anamusiyira makina osokera zikopa. Ndine ndinam'patsa mbali ya thebulo langa logulitsira ku Kabwata kuti aziyalapo malamba ndi zikwama zake, chifundo changa chopusachi.

Sipanathe chaka, magalimoto a anthu olemera a ku Kabulonga anayamba kuima pathebulo pathu, koma osati chifukwa cha mikanda yanga. Munthu ankatsitsa galasi pang'ono, ba neba n'kupereka kabokosi, galimoto n'kumapita. Tsiku lina anandilowetsa kuchipinda n'kundionetsa: tizikoti toluka bwino, malamba omangira manja oikidwa nsalu yofewa mkati, zophimba m'maso. Ndinafunsa ngati ndi za agalu. Anaseka mpaka misozi.

"Ni va bakulu ivi, ba neba. Bamasewela navo kuchipinda. Musauze munthu."

Sindinauze munthu, ndipo zinthuzo sizinandinyanse. Chimene chinandiwawa ndi mwana wake. Mtsikanayo anatomeredwa ndi mwana wa mkulu wa mpingo wathu, banja lopeza bwino la ku Woodlands, pamene wanga anali pakhomo ndi khanda lopanda bambo. Ba neba atandiuza za ukwatiwo anandigwira paphewa nati, "Na wanu Mulungu azamukumbukila." Ha! Ine wondimvera chisoni akhale iyeyu? Mawu amenewo anandikhala pamtima miyezi itatu.

Tsiku la kicheni pate, phwando la azimayi lolangiza mkwatibwi, ba neba anali pakalapakala ndi mapoto, ndiye anandituma kukatenga mphatso yake ya mkwatibwi. Pabedi panali mabokosi awiri okutidwa pepala limodzimodzi lonyezimira. Anali atandichenjeza kuti lomangidwa kachingwe kofiira ndi la kasitomala, ndisalikhudze. Ndinamasula kachingweko n'kukamanga pa bokosi linalo. 

Pa kicheni pate mphatso siperekedwa mwakachetechete. Mwiniwake amaitanidwa, amavina kupita kutsogolo, alangizi n'kutsegula pamaso pa onse, kenako iye amafotokozera mkwatibwi ntchito ya chinthucho. Ba neba anavina bwino, chitenje m'chiuno, nthungululu zili wo-o. Anagwada pafupi ndi mwana wake, amene anali ataweramitsa mutu monga mwa mwambo. Mayi a mkwati anali pampando wakutsogolo ndi azimayi a mpingo.

Mlangizi anang'amba pepala n'kutulutsa chikoti. Anthu anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala. Atatulutsa malamba a m'manja aja, ndi wina wa m'khosi wokhala ndi mphete yachitsulo, ng'oma zinaleka zokha. Atsikana a kumbuyo anadziwa msanga, mafoni ali m'mwamba kujambula kanema.

"Asebele," anatero mayi a mkwati kwa mayi a mkwatibwi, "ni vichani ivi?"

Ba neba anangoti kukamwa yasa. Maso ake anayendayenda kufunafuna ine, mnzake, kuti ndim'pulumutse. Ndipo ine, nditabisala kuseri kwa duku la mayi wina, ndinasintha mawu n'kukuwa kuti, "Fotokozani, mwana aphunzile!" Chiphwete chinabuka bwalo lonse. Mkwatibwi anadzutsa mutu, chinthu chosaloledwa, n'kuyang'ana amake. Mayi a mkwati ananyamula chikwama chawo, gulu lawo lonse n'kuwatsatira, chakudya osachikhudza.

Ndinakondwa. Ndikunena poyera, ndinakondwa ngati ndamwa madzi ozizira mu Okutobala.

Pofika Lachitatu ankhoswe anabwera kudzanena kuti ukwati waima kaye, ndipo sunayambirenso. Kanemayo anayenda m'mafoni a mpingo wonse. A ku Kabulonga nawonso analeka kubwera, poopa kuonedwa pathebulo lodziwika. Mtsikana uja anasamukira kwa azakhali ake ku Kitwe, ndipo foni ya amake sayankha mpaka lero.

Patapita sabata ba neba anagogoda pakhomo panga, atawonda, milomo itauma. Ndinaganiza kuti wazindikira, ndipo ndinakonzeka kukana. Koma anakhala pansi pasimenti n'kuika mutu pamiyendo panga.

"Ninamanga chingwe pa bokosi yolakwika, ba neba. Mutu wanga unali na vambili. Naononga mwana wanga neka."

Analira mpaka chitenje changa chinanyowa. Anati m'Chelstone monse ndatsala ndine ndekha womupatsa moni, ndipo Mulungu andidalitse. Ndinam'sisita kumsana, maso anga ali gwa.

"Vimachitika, ba neba," ndinatero. "Nthawi ina muzisamala."